Mafunso a Owerenga: Kodi Nkhombe za Pansi pa Nyanja Amaziwerenga Bwanji?

Makalata anayi omwe tikuyankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndiyo ya mmene akatswiri amadziwira kuchuluka kwa zamoyo za zigoba zokhala pansi pa madzi, choncho tawaika pamodzi.

Funso: Ndikuphunzira zausodzi, ndipo m'kalasi tinamva kuti ku United States akatswiri amalengeza chaka chilichonse matani a nkhombe zotchedwa scallop zomwe zili pansi pa nyanja ya Atlantic, ndipo boma limagawira asodzi potengera chiwerengerocho. Kodi munthu angawerenge bwanji zinthu zobisika m'madzi akuya, m'dera lalikulu chotere? Kodi sikungoganizira chabe kumeneku? *Wophunzira, Lilongwe*

Yankho: Palibe amene amawerenga nkhombezo imodziimodzi, ndipo chiwerengero chomwe munamvacho n'choyerekezera ndithu. Komabe kuyerekezera kwake kuli ndi ndondomeko yolembedwa, yomwe katswiri wina angathe kuitsatira, kuibwereza ngakhalenso kuitsutsa, ndipo apa ndi pomwe pamasiyanirana ndi kungoganizira.

Nkhombe zimenezi, zomwe asayansi amazitcha Placopecten magellanicus, zimapezeka kuyambira kugombe la Canada mpaka ku Cape Hatteras m'chigawo cha North Carolina, koma malo ake otchuka ndi Georges Bank, chitunda cha pansi pa nyanja chomwe chili kum'mawa kwa Cape Cod m'chigawo cha Massachusetts, chotalika makilomita pafupifupi 240 ndiponso 120 m'lifupi. Anthu amadya mnofu woyera umene umatseka zigoba zake ziwiri, ndipo pa zaka zabwino usodzi wake umabweretsa ndalama zoposa madola 500 miliyoni. N'chifukwa chake doko la New Bedford ku Massachusetts latsogola madoko onse a dzikolo pa mtengo wa zogwidwa kwa zaka zoposa 20 zotsatizana.

Chimene chimathandiza owerenga n'chakuti nkhombe ikakula siyenda ulendo wautali. Imatha kusambira pang'ono pomenyanitsa zigoba zake ikamathawa adani, koma moyo wake wonse imakhala pafupi ndi pomwe inatera ili yaing'ono. Vuto lagona pa kateredweko. Tiana take timayandama m'madzi kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo, tikutengedwa ndi mafunde, kenako timatera tambirimbiri pamalo pomwe madzi atisiya ndipo pansi pake n'poyenera, makamaka pa mchenga ndi timiyala. Zotsatira zake n'zakuti pena nkhombe zimaunjikana ngati wina wazikhuthula, pomwe kilomita imodzi kuchokera pamenepo mulibe ngakhale imodzi.

Zida zowerengera zilipo zamitundu itatu. Chakale kwambiri ndi khoka lachitsulo lotambalala mamita 2.44, lomwe bungwe la NOAA, la boma la United States loona za nyanja ndi nyengo, lakhala likugwiritsa ntchito mwa ndondomeko imodzi kuyambira 1979. Sitima imalikoka pansi kwa mphindi 15, ndipo malo omwe limasesa sakwana theka la hekitala. Zonse zomwe zalowa zimawerengedwa ndi kuyezedwa. Malo okokapo sasankhidwa ndi woyendetsa sitima. Nyanja imagawidwa m'zigawo potengera kuya ndi dera, ndipo m'chigawo chilichonse malowo amasankhidwa mwa maere. Chida chachiwiri chinayamba mu 1999 pasukulu ya sayansi ya zam'nyanja yotchedwa SMAST ya yunivesite ya Massachusetts Dartmouth, motsogozedwa ndi Kevin Stokesbury. Chimenechi ndi chimango chachitsulo chokhala ndi makamera ndi magetsi, chomwe amachitsitsa pansi kuchokera m'maboti a asodzi enieniwo, kanayi pamalo alionse, ndipo malowo amandandalikidwa m'mizere yotalikirana mofanana, kawirikawiri makilomita 5.6 pa kafukufuku wa dera lonse. Chachitatu ndi HabCam, kamera yomwe inapangidwa mothandizana ndi akatswiri a bungwe lofufuza zam'nyanja la ku Woods Hole ku Massachusetts, yomwe imakokedwa pafupifupi mamita awiri pamwamba pa nthaka ya pansi, ikujambula zithunzi pafupifupi 6 pa sekondi iliyonse.

Ngakhale mutaphatikiza zida zonse zitatu, gawo la pansi pa nyanja lomwe laonedwa ndi maso limakhala laling'ono zedi poyerekeza ndi dera lonse. Tiyerekeze kuti khoka lakokedwa malo 10, ndipo malo 8 mwapezeka nkhombe zosapitirira 5, malo amodzi 400, ndipo ena 900. Avereji yake ndi pafupifupi 130, koma palibe malo ngakhale amodzi mwa khumiwo omwe ali ndi nkhombe zoyandikira 130, ndipo maere akanaphonya malo a 900 aja, avereji ikanagwa kuposa theka. Avereji yotere siyankhanso funso lomwe woyang'anira usodzi akufuna kwambiri yankho lake, loti nkhombezo zili pati.

Funso limeneli linakula chifukwa cha zomwe zinachitika mu December 1994, pamene boma linatseka madera atatu akuluakulu a Georges Bank ndi kum'mwera kwa New England pofuna kuteteza nsomba monga cod ndi haddock zomwe zinali zitachepa kwambiri. Cholinga sichinali nkhombe, komabe pofika 1998 kulemera kwa nkhombe m'madera otsekedwawo kunali kutachuluka pafupifupi ka 14. Mu 1999 mbali ina ya limodzi mwa madera atatuwa, lotchedwa Closed Area II, inatsegulidwa kwa asodzi a nkhombe, ndipo mu 2004 bungwe loyang'anira usodzi wa kumeneko la New England Fishery Management Council linakhazikitsa dongosolo lotseka ndi kutsegula madera mosinthanasinthana. Pomwe kafukufuku wapeza nkhombe zazing'ono zochuluka pamatsekedwa kwa zaka zingapo, chifukwa pakati pa zaka 3 ndi 5 za moyo wake mnofu wa nkhombe ukhoza kulemera kanayi. Kuti mujambule malire a dera lotere mufunika mapu osonyeza pomwe gulu la zazing'onozo layambira ndi pomwe lathera, ndipo chiwerengero chimodzi cha nyanja yonse sichingakupatseni zimenezo.

Funso: Ndimaphunzitsa masamu kusekondale. Ndinaona mapu a nkhanu za ku Canada okhala ndi mitundu yosalala bwino, ndipo pansi pake analemba kuti anapangidwa ndi kriging. Kodi njira imeneyi imadzaza bwanji malo omwe sitima sinafike? *Mphunzitsi, Dedza*

Yankho: Aphunzitsi, njirayi inabadwira m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand ku South Africa, komwe agogo athu ambiri anakagwira ntchito kudzera ku Wenela. Injiniya wina wa migodi, Danie Krige, anaona kuti pomwe sampulo ya mwala yasonyeza golide wambiri, akakumba ankapeza wocheperapo kusiyana ndi yemwe ankayembekezera, ndipo pomwe yasonyeza wochepa ankapeza wochulukirapo. Mu 1951 analemba kuti poyerekezera golide wa pamalo, munthu asadalire sampulo ya pamalopo yokha, koma aganizirenso masampulo ozungulira. Katswiri wa masamu wa ku France, Georges Matheron, ndiye anakonza maganizowa kukhala masamu athunthu m'zaka za m'ma 1960, ndipo njirayo inatenga dzina la Krige.

Maziko ake ndi mfundo yosavuta, yakuti malo oyandikana amafanana kuposa malo otalikirana. Luso lagona poyeza kuti kufananako kumafika pati, mmalo mongokhulupirira. Katswiri amatenga malo onse omwe ayezedwa n'kuwaika awiriawiri. Pa awiri alionse amaona mtunda womwe uli pakati pawo ndi kusiyana kwa ziwerengero zawo, kusiyanako amakuchulukitsa ndi iko komwe, kenako amapeza avereji ya awiriawiri onse otalikirana kilomita imodzi, otalikirana makilomita awiri, mpaka patali. Akajambula zimenezi pa girafu, pamatuluka mzere wotchedwa variogram, womwe nthawi zambiri umayamba pansi, n'kukwera, kenako n'kugona osakweranso.

Ophunzira anu angathe kuwerenga zinthu zitatu pamzere umenewu. Mtunda womwe mzere waleka kukwera ndiwo malire a kufanana: malo otalikirana kupitirira pamenepo sauzana kanthu, ndipo mtundawo umapereka chithunzi cha kukula kwa magulu a nkhombe. Msinkhu womwe mzere wagonapo ndiwo kusiyana konse kwa m'deralo. Chachitatu, chomwe ine ndimachiona kukhala chofunika kuposa zinazo, ndi pomwe mzere wayambira. Ukanayenera kuyamba pa ziro, popeza malo sangasiyane ndi iwo eni, koma pa zamoyo za m'nyanja umayamba pamwamba ndithu, chifukwa makoka awiri okokedwa moyandikana amatha kutulutsa ziwerengero zosiyana kwambiri. Kudumpha kumeneku kukakhala kwakukulu, ndiye kuti kusiyana kochuluka kukuchitika pa timitunda tating'ono tomwe kafukufuku sanatione, ndipo mapu alionse opangidwa pamenepo ayenera kulandiridwa mosamala.

Mzerewo ukapezeka, kompyuta imagawa nyanja m'timabokosi ndipo pa kabokosi kalikonse imawerengera avereji ya malo oyezedwa ozungulira, koma malo alionse amapatsidwa mphamvu yake potengera mzere uja. Apafupi amalemera kuposa akutali, ndipo malo angapo ounjikana pamodzi amagawana mphamvu, popeza onsewo akunena chinthu chimodzi. Kuphatikiza timabokosi tonse kumapereka matani a dera lonse. Njirayi imatulutsanso mapu achiwiri, osonyeza kukula kwa chikayiko pa kabokosi kalikonse, chochepa pafupi ndi pomwe sitima inaima ndipo chachikulu kutali. Mapu achiwiriwa saonekaoneka m'manyuzipepala chifukwa si okongola, koma woyang'anira usodzi amene waona oyamba okha waona theka la nkhani.

Mapu omwe munaonawo ayenera kuti ndi a nkhanu zotchedwa snow crab za kum'mwera kwa Gulf of St. Lawrence, nyanja ya kum'mawa kwa Canada. Wasayansi Gérard Conan anapereka maganizo ogwiritsa ntchito masamu a m'migodiwa pa zamoyo za zigoba kubungwe la ICES, la maiko angapo lofufuza zam'nyanja, mu 1985, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 dipatimenti ya zausodzi ya Canada yakhala ikuyerekezera nkhanuzo motere, ndipo pambuyo pake inaonjezamo kuya kwa madzi monga chothandizira. Pa nkhombe za ku United States njirayi ndi yofunika makamaka pa zithunzi za HabCam. Kamera ikajambula zithunzi mamiliyoni motsatizana pamzere umodzi, chithunzi chilichonse chimafanana ndi chinzake choyandikana nacho, kotero kuti kuziwerenga ngati mboni zodziimira pazokha kungachititse katswiri kudzitsimikizira mopitirira muyeso. Asayansi a NOAA amayamba ndi kuyerekezera mmene nkhombe zimasinthira malinga ndi kuya ndi dera, kenako amagwiritsa ntchito kriging pa zotsala zomwe kuyerekezera koyambako sikunafotokoze.

Funso: Ine ndakhala pamadzi zaka zambiri. Msodzi amadziwa pomwe pali nsomba kuposa munthu wa muofesi. Bwanji boma osangofunsa asodzi zomwe akugwira, mmalo motaya ndalama pa masitima ndi makamera? Ndipo kodi mapu amenewa salakwa? *Msodzi, Nkhotakota*

Yankho: Bambo, mwanena zoona kuti msodzi amadziwa pomwe pali zogwira, ndipo kudziwa kumeneko ndi komwe kumachititsa kuti zogwidwa zake zisakhale muyeso wabwino wa zomwe zatsala. Msodzi waluso saponya khoka mwa maere. Amapita pomwe pachuluka, pakatha amasamukira pagulu lina, ndipo boti lake limabwerabe lodzaza ngakhale magulu akutha limodzilimodzi, mpaka tsiku lomwe lomaliza latha. Zili ngati kuyerekezera zokolola za munda wonse poyang'ana chimanga cha pachulu chokha. Kafukufuku amapita dala ngakhale pomwe msodzi sangataye mafuta ake, chifukwa malo opanda kanthu nawonso ndi gawo la yankho.

Izi sizikutanthauza kuti asodzi amasiyidwa kunja. Pa usodzi wa nkhombe wa ku United States, gawo la zololedwa kugwidwa chaka chilichonse limapatulidwa kuti ndalama zake zilipire kafukufuku, ndipo makamera a SMAST komanso makoka a sukulu ya Virginia Institute of Marine Science amayenda pa maboti a asodzi. Maboti a usodziwu alinso ndi zida zotumiza uthenga wa pomwe ali kudzera pa setilaiti, ndipo mapu a pomwe asodzi akuthera nthawi amayerekezeredwa ndi mapu a akatswiri. Ku Canada, kampani za usodzi zinagwirizana ndi mabungwe a boma kujambula pansi pa Browns Bank, chitunda china cha pansi pa nyanja, pogwiritsa ntchito zida zotumiza mawu pansi n'kumvera kubwerera kwake, zomwe zimasiyanitsa mchenga, thope ndi timiyala. Oyendetsa maboti atadziwa pomwe pali timiyala tomwe nkhombe zimakonda, anayamba kukwanitsa gawo lawo m'nthawi yochepa ndiponso kukoka khoka pamalo ochepa.

Kulakwa kulipo, ndipo kumachokera mbali zingapo. Khoka siligwira zonse zomwe ladutsa: poyerekeza ndi zithunzi za malo omwewo, akatswiri anapeza kuti limatola pafupifupi nkhombe 40 pa 100 zilizonse pa mchenga, ndipo zocheperapo pa miyala, choncho chiwerengero chake chimayenera kukonzedwa. Pomwe nkhombe zachuluka kwambiri khoka limadzaza mphindi 15 zisanathe ndipo limaleka kutola. Zimenezi zinaoneka ku Nantucket Lightship, limodzi mwa madera atatu otsekedwa mu 1994 aja, komwe nkhombe zobadwa mu 2012 zinatera zochuluka modabwitsa, ndipo makamera ankaona zambiri kuposa zomwe makoka ankasonyeza. Makamera nawo ali ndi zofooka zawo, popeza madzi akavunduka saona bwino, ndipo wowerenga zithunzi akhoza kusokoneza chigoba cha yakufa ndi yamoyo. Kwa ine, ubwino waukulu wa dongosolo la kumeneko ndi wakuti zida zitatu zosiyana zimayang'ana malo amodzi, ndipo zikasemphana pamakhala mkangano wapoyera chigamulo chisanapangidwe.

Palinso kulakwa komwe masamu sangakuchotse. Kriging imasalaza, kutanthauza kuti imatsitsa nsonga n'kukweza zigwa, ndipo imatha kupaka utoto wosonyeza nkhombe pamalo pomwe pansi pasintha mwadzidzidzi kukhala thope. Komanso mapu amanena za lero lokha. Mbali ina yakuya ya ku Nantucket Lightship komweko, nkhombe za 2012 zija zinakula pang'onopang'ono kwambiri kusiyana ndi mmene zimakulira kwina, motero matani omwe ankayembekezereka m'zaka zotsatira anachedwa kufika ngakhale chiwerengero cha nkhombezo chinali chachikulu.

Funso: Kodi njira zimenezi zingagwire ntchito panyanja ya Malawi, kapena zimafuna ndalama zomwe ife tilibe? *Wogwira ntchito zachitukuko, Mangochi*

Yankho: Mayi, pulogalamu za pakompyuta si vuto. QGIS yojambulira mapu ndi yaulere, R ndi yaulerenso ndipo ili ndi chida chotchedwa gstat chopangira variogram ndi kriging, pomwe foni zambiri za masiku ano zili ndi GPS yokwanira kulemba malo. Chodula ndi boti, mafuta ndi anthu obwerera kumalo omwewo chaka ndi chaka mwa ndondomeko yosasintha.

Pa nsomba monga usipa ndi utaka pafunika kusamala, chifukwa zimayenda, ndipo mapu opangidwa ndi ulendo wa milungu itatu akhoza kuwerenga gulu limodzi kawiri kapena kuliphonya. Kumaiko ena masamu omwewa amagwiritsidwa ntchito pa nsomba zoyenda, koma kafukufuku wake amayenera kuchitika mofulumira. Nsomba za pansi, zomwe sitima ya kafukufuku ya Ndunduma ya ku Monkey Bay yakhala ikuzifufuza ndi khoka, n'zoyenererapo. Ndipo ganizo lotseka malo kuti zamoyo zikule si lachilendo kwathu, popeza pachilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kwa zaka zambiri.

Zamoyo za zigoba zomwe zimatikhudza kwambiri kuno, komabe, ndi nkhono zofalitsa likodzo. Nkhono za mtundu wa Bulinus zimapezeka m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo ku Cape Maclear, ndipo mu 2017 akatswiri anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo, m'mphepete mwa nyanja m'boma lanu lomwelo la Mangochi. Nkhonozi siziyenda patali ndipo zimakhala m'magulumagulu malinga ndi zomera, mchenga ndi kuya kwa madzi, monga momwe nkhombe za ku Georges Bank zimachitira, ndipo akatswiri a zaumoyo amagwiritsa kale ntchito masamu a mtundu womwewu pojambula mapu a malungo ndi likodzo.

Ngati bungwe lanu likufuna kuyamba, sankhani malo oyezapo musanafike pagombe, mwa maere kapena m'mizere yotalikirana mofanana, ndipo onjezani malo angapo oyandikana kwambiri kuti muthe kuona kusiyana kwa pa timitunda tating'ono. Pamalo alionse fufuzani kwa mphindi zofanana ndi chida chofanana, lembani GPS, tsiku, kuya ndi mtundu wa pansi, ndipo pomwe simunapeze nkhono lembani ziro m'buku mmalo mosiya mzerewo wopanda kanthu, chifukwa kompyuta siingasiyanitse malo omwe munafika osapeza kanthu ndi malo omwe simunafikeko. Malo 20 kapena 30 ndi ochepa kuti atulutse variogram yodalirika. Akatswiri ambiri amalangiza malo 100 kapena kuposerapo, choncho ndi bwino kuyamba ndi gombe limodzi n'kuliyeza mokwanira musanapite kwina.